Kusintha kwa miyala ya chitsulo pochotsamo okosijeni ndi haidrojeni

Kusintha kwa miyala ya chitsulo pochotsamo okosijeni ndi haidrojeni ndi zonse zimene zimachitika mkati mwa mwala wa chitsulo pamene mpweya wotentha wokhala ndi haidrojeni wambiri ukudutsa pa mwalawo m'ng'anjo. Haidrojeni amalanda okosijeni amene ali m'mwalamo n'kupanga naye nthunzi ya madzi, ndipo chotsala chimakhala chitsulo. M'mafakitale ntchitoyi imachitika pa kutentha kwa pakati pa 600 °C ndi 1,000 °C, pomwe chitsulo chimasungunuka pa 1,538 °C. Choncho mwalawo susungunuka. Umatuluka m'ng'anjo ukuoneka pafupifupi mmene unalowera, koma uli wopepuka komanso wodzaza ndi timabowo ngati chinkhupule. N'chifukwa chake chitsulo chotere chimatchedwa chitsulo cha chinkhupule, kapena DRI, chomwe ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti direct reduced iron.

Popeza mwalawo umakhalabe wolimba, haidrojeni amayenera kupeza polowera mpaka pakati pake, ndipo nthunzi imayenera kupeza potulukira. Njira zake ndi ming'alu ndi timabowo timene timatseguka, ndipo nthawi zina timatsekekanso, pamene okosijeni akuchoka. Kufulumira kwa ntchito yonse, kulimba kwa miyala ili m'ng'anjo komanso ubwino wa chitsulo chotuluka zimadalira kwambiri ming'alu ndi timabowo timeneti.

Kufunika kwake

Chaka chilichonse dziko lapansi limapanga matani pafupifupi 1.9 biliyoni a chitsulo cholimba chotchedwa steel. Pafupifupi 70 peresenti ya chitsulochi imachokera ku ng'anjo zikuluzikulu zotchedwa blast furnace, zimene zimagwiritsa ntchito malasha ophika otchedwa coke. Kaboni wa m'malashamo ndi amene amachotsa okosijeni m'miyala, ndipo pamapeto pake amatuluka ngati mpweya wa carbon dioxide. Tani imodzi ya steel yopangidwa m'njirayi imatulutsa matani oposa awiri a mpweyawu. Mafakitale a zitsulo onse pamodzi amatulutsa pakati pa 7 ndi 9 peresenti ya carbon dioxide amene anthu amatulutsa padziko lonse, ndipo mpweya umenewu ndi umodzi mwa imene ikuchititsa kusintha kwa nyengo.

Haidrojeni akalowa m'malo mwa kaboni, chotuluka chimakhala madzi. Kuti papezeke tani imodzi ya chitsulo kuchokera ku hematite wopanda zosakaniza, pamafunika makilogalamu pafupifupi 1,430 a hematiteyo ndi makilogalamu 54 a haidrojeni. Okosijeni wochotsedwa amakwana makilogalamu 430, ndipo madzi opangidwa amakwana makilogalamu pafupifupi 484. Koma ng'anjo imene inakonzedwera mtundu wina wa mpweya singangosinthidwa n'kuyamba kulandira haidrojeni yekha popanda kudziwa mmene miyala isinthire mkati mwake. Miyala ikaphwanyika, ikatupa kapena ikamatana, mpweya umalephera kudutsa ndipo ng'anjo imatha kuima.

Magawo amene mwala umadutsamo

Miyala yambiri ya chitsulo imakhala ndi hematite kapena magnetite. Hematite, Fe2O3, amaoneka wofiirira akaperedwa, ndipo 70 peresenti ya kulemera kwake ndi chitsulo pomwe 30 peresenti ndi okosijeni. Magnetite, Fe3O4, ndi wakuda, amakokedwa ndi maginito, ndipo ali ndi chitsulo chokwana 72 peresenti. Pali mtundu wachitatu wotchedwa wüstite, umene nthawi zambiri umalembedwa FeO. Dzinali linachokera kwa Fritz Wüst, katswiri wa zitsulo wa ku Germany. Wüstite sapezekapezeka m'migodi chifukwa amakhazikika pokhapokha kutentha kukapitirira 570 °C.

Okosijeni sachoka yense nthawi imodzi. Kutentha kukapitirira 570 °C, mwala umadutsa magawo atatu:

3Fe2O3 + H2 → 2Fe3O4 + H2O

Fe3O4 + H2 → 3FeO + H2O

FeO + H2 → Fe + H2O

Gawo loyamba limachotsa 11 peresenti yokha ya okosijeni yense. Gawo lachiwiri limachotsa pafupifupi 20 peresenti. Okosijeni wotsala, yemwe ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, amachoka pa gawo lomaliza. Kutentha kukachepera 570 °C, wüstite sapangika, ndipo magnetite amangosanduka chitsulo mwachindunji.

Mafakitale ambiri sagwiritsa ntchito miyala mmene yachokera kumgodi. Amaipera kukhala ufa, n'kuchotsamo mchenga, kenako amaumba timipira ta mamilimita 9 mpaka 16 n'kutiotcha pa kutentha koposa 1,200 °C kuti tilimbe. Kampira kalikonse kamakhala ndi tinjere tambirimbiri togwirana, tokhala ndi mipata pakati pake. Munthu akadula kampira kamene kachotsedwa m'ng'anjo ntchito isanathe, nthawi zambiri amaona mizere yozungulira ngati ya anyezi: chitsulo kunja, wüstite pansi pake, kenako magnetite, ndipo pakatikati pali hematite amene mpweya sunamufike. Kanjere kalikonse nako kamasintha kuyambira kunja kulowera mkati.

Kuchokera ku hematite kupita ku magnetite

Ngakhale gawoli limachotsa okosijeni wochepa, ndi limene limasokoneza kwambiri kayalidwe ka maatomu. Mu hematite maatomu a okosijeni amayalana m'njira ya ngodya zisanu ndi imodzi, pomwe mu magnetite amayalana m'njira ya bokosi la mbali zofanana. Kuti kayalidwe kena kasanduke kena, mizere ya maatomu imayenera kusuntha, ndipo kanjere kamatalika mbali ina kuposa inzake. Zimenezi zimachititsa kuti tinjere tizikankhana ndi kukokana mpaka kung'aluka. Kampira konse kamatupa ndipo kamafooka kwambiri.

Maonekedwe a magnetite wobadwa pa gawoli amadalira kutentha. Pa kutentha kocheperako amakhala ndi timabowo ting'onoting'ono tambiri. Pa kutentha kwakukulu amakula ngati timapale topyapyala tolowa mkati mwa hematite, tokhala ndi timabowo tochepa.

Ming'alu imeneyi ili ndi ubwino ndi kuipa komwe. Imatsegulira haidrojeni njira yolowera mkati, motero magawo otsatira amafulumira. Koma ikachuluka, miyala imafumbutuka n'kukhala fumbi. Vutoli limakula kwambiri pa kutentha kwa pakati pa 500 °C ndi 600 °C, komwe kumapezeka kumtunda kwa ng'anjo kumene miyala yangolowa kumene.

Kuchokera ku magnetite kupita ku wüstite

Gawo lachiwiri silisokoneza mwala kwambiri, chifukwa maatomu a okosijeni mu magnetite ndi mu wüstite amayalana mofanana. Wüstite ali ndi kayalidwe ka maatomu kofanana ndi ka mchere wa m'nyumba. Haidrojeni amachotsa okosijeni pamwamba pa kanjere, ndipo maatomu a chitsulo amene atsala opanda anzawo amalowa mkati n'kukhala m'mipata ya pakati pa maatomu a okosijeni. M'njira imeneyi magnetite amasanduka wüstite pang'onopang'ono.

Wüstite sakhala ndi maatomu a chitsulo okwanira. Pa maatomu 100 alionse a okosijeni pamakhala maatomu a chitsulo 95 kapena ocheperapo, ndipo malo otsalawo amakhala opanda kanthu. Malo opanda kanthuwa amathandiza maatomu a chitsulo kuyenda mosavuta mkati mwa wüstite. Kuyenda kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti chitsulo cha gawo lomaliza chikule m'maonekedwe osiyanasiyana.

Kuchokera ku wüstite kupita ku chitsulo

Gawo lomaliza ndi limene limatenga nthawi yaitali. Okosijeni akamachoka pamwamba pa wüstite, maatomu a chitsulo amachulukana mpaka ena amasonkhana pamodzi n'kupanga timadontho toyamba ta chitsulo. Timadonthoti timakula n'kulumikizana. Chofunika kwambiri ndi mtundu wa chitsulo chimene chakula pamenepo.

Chitsulo chikakula chili ndi timabowo tolumikizana, haidrojeni amapitirizabe kufika pa wüstite wotsala ndipo nthunzi imatuluka bwinobwino. Koma nthawi zina chitsulo chimakula ngati khungwa losalala lopanda bowo n'kukuta kanjere konse. Zikatero mpweya sukhudzanso wüstite. Okosijeni amayenera kudutsa atomu imodziimodzi mkati mwa chitsulo cholimbacho kuti afike kunja, ndipo ulendo umenewu ndi wochedwa kwambiri. Ntchito imene inayamba mofulumira imatha kukhala ngati yaima okosijeni wina akadali mkati. Pa maikulosikopu pamaoneka tizilumba ta wüstite tozunguliridwa ndi chitsulo.

M'zaka za m'ma 1980, D. H. St John, S. P. Matthew ndi P. C. Hayes a pa yunivesite ya Queensland ku Australia anagawa zotuluka pa gawoli m'mitundu itatu. Mtundu woyamba ndi chitsulo cha timabowo, wachiwiri ndi wüstite wa timabowo wokutidwa ndi chitsulo chosabowoka, ndipo wachitatu ndi wüstite wosabowoka wokutidwa ndi chitsulo chosabowoka. Iwo anaonetsa kuti mtundu umene upangike umadalira kutentha komanso kuchuluka kwa nthunzi mumpweyamo. Haidrojeni wouma amabweretsa chitsulo cha timabowo, pomwe haidrojeni wosakanikirana ndi nthunzi yambiri amabweretsa khungwa lotseka.

Ofufuza a gulu la Dierk Raabe pa Max Planck Institute ya ku Düsseldorf ku Germany aonetsanso kuti si timabowo tonse timene timathandiza. Kabowo kotsekeka mbali zonse kamasunga nthunzi, ndipo nthunziyo imatha kubwezera okosijeni ku chitsulo chozungulira kabowoko. Timabowo tothandiza ndi tokhato timene talumikizana mpaka kunja kwa kampira.

Chiyambi cha timabowo

Timabowo timabwera chifukwa chitsulo chimatenga malo ochepa kuposa mwala umene chachokera. Sentimita imodzi yakyubu ya hematite imalemera magalamu pafupifupi 5.3, pomwe ya chitsulo imalemera magalamu 7.87. Hematite wodzaza malo okwana masentimita 100 akyubu amalemera magalamu pafupifupi 526. Okosijeni akachoka pamatsala magalamu 368 a chitsulo, amene amangodzaza masentimita 47 akyubu. Popeza kukula kwa kampira kunja sikusintha kwambiri, malo otsalawo, oposa theka, amasanduka timabowo. Timabowoti timawonjezera pa mipata imene kampira kanali nayo kale kasanalowe m'ng'anjo.

Kukula kwa kabowo kalikonse kumadalira kutentha. Pa kutentha kochepa timabowo timakhala tating'ono kwambiri koma tochuluka. Kutentha kukakwera, maatomu a chitsulo amayenda mosavuta, timabowo ting'onoting'ono timaphatikizana n'kukhala mabowo ochepa okulirapo, ndipo makoma a pakati pake amanenepa.

Kusiyana kwa haidrojeni ndi carbon monoxide

Mafakitale ambiri a DRI masiku ano amagwiritsa ntchito mpweya wopangidwa kuchokera ku gasi wachilengedwe, umene umakhala wosakanikirana haidrojeni ndi carbon monoxide. M'njira ya Midrex haidrojeni amakhala pafupifupi 55 peresenti ndipo carbon monoxide pafupifupi 35 peresenti. M'njira ya HYL, imene pano imadziwika ndi dzina lakuti Energiron, haidrojeni amakhala wochulukirapo. Mipweya iwiriyi imachotsa okosijeni, koma imasiya mwala mosiyana.

Molekyu ya haidrojeni ndi yaing'ono komanso yopepuka kuposa mamolekyu ena onse, choncho imalowa m'timabowo mofulumira kuposa ya carbon monoxide. Haidrojeni amachotsa okosijeni mwachangu, ndipo timadontho ta chitsulo timayamba m'malo ambiri nthawi imodzi. Zotsatira zake ndi chitsulo cha timabowo ting'onoting'ono poyerekeza ndi chimene carbon monoxide amapanga.

Kusiyana kwachiwiri ndi kwa kutentha. Kuchotsa okosijeni mu hematite ndi haidrojeni kumameza kutentha kokwana pafupifupi 99 kJ pa mole imodzi ya Fe2O3, pomwe kuchotsa ndi carbon monoxide kumatulutsa pafupifupi 25 kJ. Motero haidrojeni akachuluka, miyala imazizira pamene ntchito ikuchitika, ndipo mpweya umayenera kulowa uli wotentha kwambiri kapena wochuluka kwambiri.

Komanso haidrojeni yense wolowa m'ng'anjo sagwira ntchito ulendo umodzi. Pa 800 °C, wüstite amasiya kusanduka chitsulo nthunzi ikafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya wonse. N'chifukwa chake mpweya wotuluka pamwamba pa ng'anjo umaziziritsidwa kuti madzi achoke, kenako haidrojeni wotsala amatenthetsedwanso n'kubwezedwa. Kutentha kukapitirira pafupifupi 810 °C, haidrojeni amatha kuchotsa okosijeni wambiri kuposa carbon monoxide wofanana naye kuchuluka. Kukachepera pamenepo, carbon monoxide ndi amene amaposa.

Kusiyana kwina ndi kaboni. Carbon monoxide amasiya kaboni m'chitsulo, ndipo wina amapanga cementite, Fe3C. Akatswiri amafotokoza kuti kaboni wolowa m'khungwa la chitsulo amakumana ndi okosijeni wa mu wüstite n'kupanga mpweya umene umaphulitsa khungwalo kuchokera mkati. N'chifukwa chake kaboni wochepa mumpweya amatha kuthandiza kumaliza gawo lomaliza, ngakhale kuti poyamba haidrojeni yekha ndi amene amafulumira.

Mmene kutentha kumakhudzira ntchitoyi

Kawirikawiri kutentha kukakwera ntchito imafulumira, koma ndi haidrojeni sizikhala choncho nthawi zonse. Kafukufuku wambiri wapeza kuti cha m'ma 700 °C mapeto a gawo lomaliza amatha kuchedwa kuposa pa kutentha kocheperako. Pa kutentha kotere chitsulo chatsopano chimakhala chitayamba kumatirirana n'kutseka timabowo, koma okosijeni amakhala asanayambe kuyenda mofulumira mkati mwa chitsulocho. Pa 912 °C chitsulo chimasinthanso kayalidwe ka maatomu ake, kuchoka ku mtundu wotchedwa alpha kupita ku gamma. Okosijeni amayenda pang'onopang'ono mu gamma, motero pamenepanso ntchito imatha kuchedwa.

Kutupa ndi kumatana

Timipira timene tatupa osapitirira 20 peresenti ya kukula kwake timaonedwa kuti tili bwino. Pali kutupa kwina koopsa kumene kumachitika pa gawo lomaliza, pamene chitsulo chikukula ngati tindevu. Tindevuti timamera ngati timadontho toyamba ta chitsulo tili tochepa ndipo maatomu a chitsulo akuthamangira pa timadontho tomweto. Kadontho kalikonse kamakankhidwa kuchokera pansi n'kutalika ngati ulusi. Tindevu timakankha tinjere toyandikana, ndipo kampira kamatha kukula kuwirikiza kawiri kapena kuposa, n'kukhala kofewa moti kangaphwanyidwe ndi zala. Sodium, potassium ndi laimu wosasakanikirana bwino m'mwala zimakulitsa vutoli. Tindevu timaoneka kwambiri ndi carbon monoxide. Haidrojeni amatichepetsa chifukwa amayambitsa timadontho tambiri nthawi imodzi.

Kumatana ndi vuto lina. Ng'anjo zambiri za DRI ndi zazitali zoimirira. Timipira timalowa pamwamba n'kumatsika tokha chifukwa cha kulemera, pomwe mpweya wotentha ukukwera kuchokera pansi. Chitsulo chongobadwa kumene chimamatirira mosavuta, ndipo timipira ta pansi timapsinjidwa ndi katundu wa pamwamba. Timipira tikagwirana n'kukhala zibuma zikuluzikulu, kutsika kumasokonezeka ndipo mpweya umangodutsa mbali imodzi. Pofuna kupewa zimenezi, mafakitale amapaka timipira ufa wa laimu, dolomite, bauxite kapena simenti tisanalowe m'ng'anjo. Kupakaku kunathandiza kuti ng'anjo zizigwira ntchito pa kutentha kokwerapo kuposa kale.

Vutoli limakula kwambiri m'ng'anjo zimene zimagwiritsa ntchito ufa wa miyala wouluzidwa ndi mpweya. Tinjere tikamatana, ufawo umasiya kuuluka n'kugwa pansi. Fakitale ya Circored, imene inayamba ntchito mu 1999 ku Point Lisas m'dziko la Trinidad and Tobago, inkagwiritsa ntchito haidrojeni pa kutentha kwa pafupifupi 650 °C pofuna kupewa kumatanaku.

Bungwe la ISO lili ndi njira zovomerezeka zoyesera miyala isanagulitsidwe. Mwachitsanzo, ISO 4698 ndi yoyesera kutupa ndipo ISO 11256 ndi yoyesera kumatana.

Mtundu wa mwala

Mwala wa magnetite uli ndi okosijeni wochepa kuposa wa hematite, komabe umachedwa kusanduka chitsulo. Chifukwa chake n'chakuti sudutsa gawo loyamba lija limene limang'amba tinjere, choncho umafika pa gawo lomaliza uli wosabowoka ndipo khungwa la chitsulo limaukuta mosavuta. J. O. Edström wa ku Sweden anaonetsa kusiyana kumeneku mu 1953. Migodi ya Kiruna ndi Malmberget kumpoto kwa Sweden imatulutsa makamaka magnetite, koma pamene timipira tikuotchedwa, magnetite amalandira okosijeni wa mumpweya n'kusanduka hematite. Motero mwalawo umayamba wapatsidwa okosijeni wowonjezera kuti pambuyo pake okosijeni yense achoke mosavuta.

Miyala yokhala ndi goethite, monga yambiri ya ku Pilbara ku Australia, imakhala ndi madzi omangika mkati mwake. Madziwa amachoka cha m'ma 300 °C n'kusiya timabowo tambiri, zimene zimathandiza mpweya kulowa koma zimafooketsa mwala.

Zosafunika za m'mwala, monga silika ndi alumina, sizichotsedwa ndi haidrojeni. Popeza mwala susungunuka, zimatsalira m'chitsulo mpaka pamene chidzasungunulidwe m'ng'anjo yamagetsi. Silika amathanso kugwirizana ndi wüstite n'kupanga fayalite, amene ndi wovuta kumuchotsa okosijeni. N'chifukwa chake mafakitale a DRI amafuna timipira tokhala ndi chitsulo chokwana 67 peresenti kapena kuposa.

Chitsulo chotuluka

DRI wabwino amakhala ndi 92 mpaka 96 peresenti ya chitsulo chake chitachotsedwa okosijeni. Wopangidwa ndi gasi wachilengedwe amakhalanso ndi kaboni wa pakati pa 1 ndi 4 peresenti. Wopangidwa ndi haidrojeni yekha alibe kaboni, choncho amasungunuka pa kutentha kokwerapo, ndipo opanga steel amayenera kuthiramo kaboni m'ng'anjo yamagetsi.

Timabowo timene tinathandiza m'ng'anjo timasanduka chiopsezo chitsulo chikatuluka. Mpweya ndi madzi zimalowa mosavuta, chitsulo chimachita dzimbiri mofulumira, ndipo dzimbirilo limatulutsa kutentha kotha kuyatsa mulu wonse. Chitsulo chopangidwa pa kutentha kochepa ndi chimene chimayaka msanga chifukwa timabowo take ndi tambiri. DRI akanyowa, makamaka ndi madzi a m'nyanja yamchere, amatulutsanso haidrojeni amene angaphulike. Mu February 2004 sitima yapamadzi yotchedwa Ythan, imene inanyamula ufa wa DRI kuchokera ku Venezuela, inaphulika n'kumira kufupi ndi gombe la Colombia, ndipo anthu asanu ndi mmodzi ogwira ntchito m'sitimayo anafa.

Pofuna kuchepetsa ngozi, DRI wopita kutali amapsinjidwa akadali wotentha kuposa 650 °C n'kukhala tinjerwa tolimba totchedwa HBI. Kupsinjaku kumatseka timabowo tambiri. Malamulo a bungwe la International Maritime Organization amafuna kuti tinjerwati tilemere kuposa makilogalamu 5,000 pa mita imodzi yakyubu.

Njira zofufuzira

Njira yofala kwambiri ndi kupachika kampira pa sikelo mkati mwa ng'anjo yaing'ono n'kumalemba kulemera kwake pamene mpweya ukudutsa. Kulemera kotayika ndi okosijeni amene wachoka. Ofufuza amaimitsa ntchitoyo pa nthawi zosiyanasiyana, n'kudula kampirako kuti aone pa maikulosikopu. Kuwala kwa X-ray kumawathandiza kudziwa kuchuluka kwa hematite, magnetite, wüstite ndi chitsulo, komanso kujambula timabowo ta mkati popanda kudula.

Mbiri

Kupanga chitsulo popanda kuchisungunula ndi njira yakale kwambiri. Osula akale m'madera ambiri a dziko lapansi, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, ankaotcha miyala ndi makala m'ng'anjo zadothi. Carbon monoxide wochokera ku makalawo ankachotsa okosijeni, ndipo munkatuluka chibuma cha chitsulo cha mabowomabowo chimene ankachisula ndi nyundo kuti chigwirane. Zotsalira za ng'anjo zotere zikupezekabe m'madera monga Kasungu.

Mu 1903 akatswiri awiri, Baur ndi Glaessner, anafalitsa chojambula choonetsa mtundu wa mwala umene umakhazikika pa kutentha kulikonse ndi msakanizo uliwonse wa carbon monoxide ndi carbon dioxide. Chojambula chofanana nacho chinapangidwanso cha haidrojeni ndi nthunzi, ndipo zonse ziwiri zikugwiritsidwabe ntchito. Georges Chaudron wa ku France ndi amene amadziwika ndi malire a 570 °C aja. Kuyambira mu 1971, E. T. Turkdogan ndi J. V. Vinters ku United States anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo woonetsa mmene timabowo timakulira malinga ndi kutentha ndi mtundu wa mpweya.

Fakitale yoyamba ya HYL inatsegulidwa mu 1957 ku Monterrey m'dziko la Mexico, ndipo yoyamba ya Midrex inatsegulidwa mu 1969 ku Portland m'chigawo cha Oregon ku United States. Mu 2023 dziko lonse linapanga matani oposa 130 miliyoni a DRI, ndipo India ndi Iran ndi mayiko amene anapanga wochuluka.

Mu 2016 makampani atatu a ku Sweden, SSAB, LKAB ndi Vattenfall, anayambitsa ntchito yotchedwa HYBRIT yoyesa kugwiritsa ntchito haidrojeni wochokera ku madzi ndi magetsi. Fakitale yawo yoyesera ku Luleå inayamba mu August 2020, ndipo mu 2021 steel yoyamba yochokera ku chitsulo chimenechi inaperekedwa ku kampani ya Volvo. Pofika mu 2024 fakitaleyi inali itapanga matani oposa 5,000. Mu 2025 fakitale ya HyIron Oshivela inatsegulidwa ku Namibia, ndipo imagwiritsa ntchito haidrojeni wopangidwa ndi magetsi a dzuwa.

Kafukufuku wa masiku ano akulunjika kwambiri pa miyala yokhala ndi chitsulo chochepa, chifukwa timipira ta 67 peresenti ndi gawo laling'ono chabe la miyala yogulitsidwa padziko lapansi. Ofufuza akuyesanso njira zoumbira timipira tokhala ndi timabowo tolumikizana kuyambira pachiyambi, kuti haidrojeni afike pakati khungwa la chitsulo lisanatseke njira.